Mwala umene a Luhanga ankaudzoza mafuta

Mwezi uno chakwana chaka chiikire m'manda a Yotamu Luhanga, wosula makasu wa kuno ku Hewe. Ana awo andipempha kuti ndilembe za iwo. Ndinawauza kuti apeze wina. Iwo akana, ati ndilembe ineyo basi. Chabwino. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, choncho mawu okometsera ndilibe. Ndilemba zimene ndinaona.

Ndiyambe ndi chimene ena angafune kubisa. Ine Phiri, mkulu wa mpingo, ndi amene ndinawadulitsa mumpingo. Anakhala osadya mgonero zaka zoposa makumi atatu chifukwa cha pakamwa panga. Kwathu kuno wodulidwa akamwalira, mpingo suimba pamaliro pake ndipo abusa safikapo. Tonse tinkadziwa zimenezo. Iwonso ankadziwa, ndipo ankakalamba.

Anali aafupi, a mapewa otambalala. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi phokoso la nyundo, ndipo ukayamba kunena zimene sakuzifuna ankangokutembenuzira khutu lomwelo. Chipala chawo chinali chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba. Ankasulira pa chidutswa cha njanji, mvukuto wake wa zikopa za mbuzi. Agogo awo anachokera ku mapiri a ku Phoka, kumene anthu akale ankatulutsa chitsulo m'miyala pogwiritsa ntchito ng'anjo zadothi. A Luhanga sanaione ntchitoyo ikuchitika, anangoona mabwinja a ng'anjozo, koma ankaifotokoza ngati anachokako dzulo. Ankati moto ukakwana, chitsulo chimadzisonkhanitsa chokha n'kusiyana ndi zinyalala, monga mmene anthu amtundu umodzi amapezanirana pamsika.

Zitsulo zakutha ankaziunjika milumilu. Masipuling'i a galimoto paokha, mbale za pulawo pazokha, migolo payokha. Ukaponya chitsulo pa mulu wolakwika, tsiku limenelo sakusulira kanthu. Ukawabweretsera chidutswa chosadziwika, ankachikhudzitsa pa mwala wonolera, n'kuyang'ana nthethe zake, n'kukuuza kumene chachokera. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali oti chitsulo sichiiwala kwawo, ngakhale uchisule kangati.

Ankayambana ndi anthu pa zinthu zazing'ono. Khasu logona pamvula sankalikonza, ankati mwini wake ayambe wakonzeka yekha. Makasu a m'sitolo ogulitsidwa ku Bolero ankawatcha zivundikiro za mapoto. Ine sananditchulepo dzina langa. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzalima fodya, kuchokera ku Kasungu, ndiye kwa iwo ndinali a Kasungu mpaka imvi. Chichewa ankachilankhula ndi ine ndekha, ndipo ankati akundichitira chifundo.

Za mwala umene ankati unagwa kuchokera kumwamba ankazinena mofanana nthawi zonse, osawonjezera, osachotsera. Unali m'mawa, nyengo yopalira, kumwamba kopanda mtambo. Kunagunda ngati bingu, kenako mluzu wautali, kenako chinthu chinamenya m'mbali mwa chulu cha m'munda mwawo, dothi n'kuwaza. Anakumba kuya kwa mkono wonse. Anapeza chinthu chakuda, kukula kwake ngati dzungu laling'ono, koma cholemera ngati theka la thumba la simenti. Chinali ndi timaenje ponseponse, ngati dongo limene woumba walidinda ndi chala. Akazi awo, a NyaGondwe, anali kumtsinje. Anamva kugundako koma sanaone kanthu. Ena onse amene anamva anati ndi mphenzi, ndipo mphenzi yogwa kopanda mtambo aliyense amadziwa zimene anthu amaiganizira.

Loweruka lina masana ndinapita kukatenga nkhwangwa yanga. Ndinawapeza atagwada pakona ya chisakasa, akupaka mwalawo mafuta a nsatsi ndi kansanza, uku akuulankhula. Ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, mlendo pakati pa eni dziko, ndipo ndinkafuna aone kuti sanalakwitse. Kwathu, ngakhalenso kuno, mafuta a nsatsi ndi amene anthu amadyetsera nsupa. Chaka chimenecho chimanga cha a Luhanga chinachita bwino kuposa cha anzawo. Sindinafunsenso kanthu. Nkhwangwa ndinaisiya komweko.

Pa bwalo la akulu a mpingo anabwera atavala jekete lawo limodzi lija. Abusa a nthawi imeneyo anawafunsa chimene amadzozera mwala.

“Kuti usachite dzimbiri,” anatero. “Nyundo zanga ndimazidzoza, mbaniro ndimadzoza. Kodi nazonso ndi nsupa?”

Ine ndinaimirira. “A Luhanga, musatipusitse. Mwala umachita dzimbiri?”

“Uwu umachita.”

“Nanga mumaulankhuliranji?”

“Khasu lanu lija ndinalilankhula tsiku lonse kuti liwongoke, a Kasungu. Simunadandaule.”

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandiumitsa mtima. Ndinati kumwamba kumagwa mvula ndi matalala, miyala ayi, ndipo munthu wonena bodza pamaso pa abusa ali ndi chimene akubisa. Bwalo linagamula kuti akautaye mumtsinje pamaso pa akulu awiri, apo ayi adulidwa. Iwo anati chinthu chayenda ulendo wautali chotero n'kudzasankha munda wawo, sangachiponye m'madzi ngati galu wakufa. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Kutchalitchi sanasiye. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo, n'kumaimba besi imene inkamveka mpaka kumsewu. Tsiku la mgonero, tikayamba kuvundukula nsalu patebulo, ankatuluka mwakachetechete n'kukakhala pa chitsa panja. Ine ndinkawaona pawindo ndikugawa mkate. Sing'anga wina wochokera kutsidya kwa malire anabwerapo kudzapempha kuti apaleko pang'ono mwalawo. Anamuthamangitsa ndi mbaniro yamoto mpaka kumsewu. Ndinamva nkhaniyo tsiku lomwelo. Kubwalo la akulu sindinakaitchule.

A NyaGondwe anandilankhulapo kamodzi kokha za nkhaniyi, tili pachigayo. Anati, “Adada, mwamuna wanga ndi wamakani, koma si wabodza. Inu mukudziwa kusiyana kwake.” Anamwalira zinthu zili chomwecho. Mpingo unawaimbira bwino, popeza iwo sanadulidwe. Titachoka kumanda, a Luhanga anandiimitsa panjira, n'kuloza malo amene anasiyidwa pambali pa akazi awo.

“Apo ndi panga,” anatero. “Mudzandiika chete ngati mbuzi yofa yokha. Koma besi mudzaisowa.”

Temwa ndi mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamwamuna. Anakulira ku Mzuzu, anaphunzira za miyala ku yunivesite, kenako anapita ku Ulaya kukapitiriza. Zaka ziwiri zapitazo, nyengo yafumbi, anafika pa njinga yamoto, mayi wamkulu ndithu wa magalasi. Anapempha agogo ake kachidutswa ka mwalawo, kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, kuti akakayeze kumene amagwira ntchito. Makalata a boma omulola kupita nako kunja anali atayamba kale kuwayendera. Munthu amene anakaniza abusa, anakaniza sing'anga, anavomera mdzukulu wake. Koma anati mwalawo sudulidwa popanda a Kasungu.

Temwa anadzanditenga yekha. Ndinapita chifukwa kukana kukanaoneka ngati mantha.

Ndinawapeza atamangirira mwalawo pa njanji ija. Anandipatsa sowo yodulira zitsulo.

“Inu munati ndi mwala. Dulani.”

“Ndakalamba, a Luhanga.”

“Pondidula ine simunatope. Yambani, ndikulandirani.”

Tinayamba dzuwa litangokwera. Sowo inkalira koma osalowa. Temwa ankadontheza madzi pamzerepo, uku akutiseka kuti nkhalamba ziwiri zikulephera dzungu. Tinkalandirana, iwo akatopa ine, ine ndikatopa iwo. Mpeni woyamba wa sowo unatha mano, wachiwiri unathyoka. Pofika masana m'manja mwanga munali matuza. Ndiye ndinayang'ana pansi pa njanji. Fumbi limene linkagwa silinali la mwala. Linali lonyezimira, lofanana ndi limene limagwa ukamanola khasu ndi tupa. Dzuwa litapendeka kachidutswako kanagwa, ndipo mkati mwake munali mowala ngati mpeni watsopano. Chinali chitsulo chokhachokha.

A Luhanga anatenga kansanza kawo, n'kudzoza pachilondapo mafuta a nsatsi, ine ndikuona.

Tsiku limenelo ndinadziwa. Ndilembe poyera: ndinadziwa, koma ndinadziuza kuti tidikire kaye zimene makina anene. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa. M'miyezi imeneyo miyendo yawo inayamba kutupa, moto wa pachipala unazima, ndipo benchi yakumbuyo inakhala yopanda munthu. Akanamwalira nthawi imeneyo, akanaikidwa chete, ndipo ine ndikanakhala ndikudziwa.

Temwa anabweranso mvula ili kumapeto. Tinakhala pakhonde atatu, a Luhanga atatsamira khoma, miyendo ili pa mpando. Temwa anayamba watisonyeza chithunzi pafoni. Kachidutswa kaja anakasalaza n'kukathira mankhwala, ndipo panatuluka mizere yolukanalukana ngati lichero. Anati mizere yotero imapangika chitsulo chikazizira pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka mkati mwa chimwala cha mumlengalenga, ndipo palibe wosula padziko amene angaipange. Anatinso akanapanda kuudzoza, mbali yaikulu ikanadyeka ndi dzimbiri.

“Zimenezo ndikuzidziwa,” anatero a Luhanga. “Ndinalipo pamene unkagwa. Undiuze kwawo.”

Temwa anatenga peyala n'kulidula pakati. Anati dziko lili chonchi: khungu ndi pamene timalima, pansi pake pali mnofu wa miyala yotentha, pakati penipeni pali nthanga yachitsulo. Dziko lili laling'ono linali losungunuka, ndipo chitsulo, polemera, chinamira n'kukasonkhana pakati.

“Ng'anjo,” anatero a Luhanga.

“Eya, asekuru, ng'anjo yaikulu.”

Kenako anatchula chitsulo china chosowa kwambiri, rutheniyamu. Ndinamuuza kuti andilembere papepala, ndipo pepalalo ndili nalo. Anati rutheniyamu ndi golide zimakonda chitsulo, moti pamene chitsulo chinkamira chinapita nazo pafupifupi zonse. Mumnofu simunayenera kutsala kanthu. Koma akayeza miyala yochokera mumnofumo amazipezamo, zochepa koma zilimo. Akatswiri ambiri amati zinabwera pambuyo pake, ndi miyala yogwa kumwamba, nthanga itatsekeka kale.

Ine ndinafunsa kuti akudziwa bwanji, popeza panalibe munthu.

Anati rutheniyamu ali ndi timbewu ta mitundu isanu ndi iwiri. Tonse ndi rutheniyamu, koma timasiyana kulemera, monga nyemba za m'dengu limodzi zimene zina ndi zazikulu zina zazing'ono. Kasakanizidwe ka timbewuto kamasiyana malinga ndi kumene mwala unabadwira. Wobadwira pafupi ndi dzuwa uli ndi kasakanizidwe kake, wobadwira kutali kozizira ulinso ndi kake. Kusiyanako ndi kochepetsetsa, koma makina amakuona. Ndiye ku Greenland, dziko la madzi oundana, kuli miyala ina yakale kwambiri yochokera mumnofu wa dziko. Rutheniyamu wake amasiyana pang'ono ndi wa mumnofu wa lero. Mtundu umodzi wa timbewu ulimo wochulukirapo. Anati zikuoneka kuti miyala imeneyo inauma alendo omaliza asanasakanizike bwino ndi mnofu wonse. Ukayerekeza wakale ndi walero, umaona chimene chinawonjezeredwa, ndipo chowonjezeredwacho chikufanana ndi miyala yobadwira kutali kozizira.

“Nanga wangawu?”

“Wanuwu ndi wa kutali komweko, asekuru. Timbewu take tikutero.”

A Luhanga anatembenukira kwa ine ndi khutu labwino lija. “Mwamva, a Kasungu? Ndakhala ndikunena chiyani zaka zonsezi?”

“Kuti chitsulo sichiiwala kwawo.”

“Nenaninso, khutu ili limavuta.”

Sindinabwereze. Temwa anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapuma anawonjeza kuti kudera lomwelo kumachokeranso miyala ina yakuda yofewa, yokhala ndi madzi mkati, ndipo ena akuganiza kuti gawo la madzi a padziko linabwera ndi imeneyo. Anati nkhaniyo akatswiri sanaimalize, akukanganabe.

Apa ine ndinaumitsa nkhope. Ndinati Buku limati Mulungu ndiye analenga dziko ndi madzi ake, tsono miyala yoponyedwa pambuyoyi ikulowa pati? Temwa anafuna kuyankha, koma agogo ake anakweza dzanja. Anati ndikanakhala wosula sindikanafunsa. Nkhwangwa umayamba ndi thupi lake. Chitsulo cholimba cha kukamwa umachiika pambuyo, ndipo chimachokera pa mulu wina. Ukamaliza zonse ndi pamene umaiviika m'madzi. Madzi ndiwo omaliza. Anati ngati Mwini wake anachita chimodzimodzi, ndiye kuti ntchito amaidziwa.

Za madzi omalizawo ndimaziganizirabe mpaka lero.

Bwalo la akulu linakumana sabata yotsatira. Abusa amene tili nawo tsopano anali asanabadwe pamene tinkagamula mlanduwo. Anachita kufufuza m'buku lakale kuti aupeze. Ndinaimirira pamalo omwe ndinaimirira kale. Ndinati munthu uja ananena zoona, wabodza ndinali ine, ngakhale sindinkadziwa. Mkulu wina anati tisasinthe chigamulo cha mpingo chifukwa cha pepala la ku Ulaya. Ndinamuuza kuti pepalalo alisiye. Ndinamusonyeza zipsera za matuza m'manja mwanga. Ndinati ndinadula ndi manja anga tsiku lathunthu, ndi chitsulo, chimachita dzimbiri, ndipo amene akukayika apite akatenge sowo. Palibe anapita. A Luhanga anabwezeredwa mumpingo.

Abusa anati mgonero tikawapatsire kunyumba. A Luhanga anakana. Anati anatuluka pakhomo la tchalitchi anthu akuona, adzalowanso pomwepo anthu akuona. Anabwera pa ngolo ya ng'ombe, atavala jekete lomwe lija, ndipo amuna awiri anawanyamula mpaka kutsogolo. Mbale ya mkate inali m'manja mwanga. Ndinafika pa iwo n'kuima. Iwo anafuna kunong'ona, koma munthu wogontha sadziwa kunong'ona, ndiye tchalitchi chonse chinamva.

“Mwachedwa, a Kasungu.”

“Ndachedwa.”

“Palibe kanthu. Ochedwa ndi amene anabwera ndi madzi. Bweretsani kuno.”

Abusa anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Amayi a kumbuyo analephera kudzigwira. A Luhanga anatenga mkatewo, anati yewo, n'kudya.

Anamwalira m'nyengo yozizira, patangopita miyezi iwiri. Tinawaika pambali pa a NyaGondwe. Anthu anachokera ku Bolero ndi ku Nkhamanga konse, ambiri mwa iwo olimira makasu osulidwa ndi malemuwo. Tinaimba kuchokera kunyumba mpaka kumanda osalekeza. Besi inasowadi.

Mwalawo anausiyira sukulu ya pulayimale ya m'mudzi muno. Anati ana aziunyamula ndi manja awo, kuti wina akadzawauza kuti kumwamba sikugwa miyala adzamuseke. Umakhala mu kabati ya aphunzitsi aakulu. Temwa anatumiza chithunzi cha mizere ija ndi tsamba lofotokoza, ndipo ndamva kuti atsikana awiri a Sitandade 8 akuti adzaphunzira za miyala. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimapitako ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi ndi kansanza. Palibe anandituma. Amene akufuna kukandinenera ku bwalo apite.

Dzulo ndinadutsa pachipala. Udzu wa chisakasa wayamba kugwa mbali ya kum'mawa. Mvukuto anaupachika pamtanda, zikopa zake zauma. Njanji ili pomwe inali, ndipo m'mbali mwake mukuonekabe pamene sowo yanga inaterereka. Milu ya zitsulo ilipo yonse, masipuling'i paokha, mbale za pulawo pazokha, migolo payokha. Chaka chathunthu chapita, koma palibe mwana kapena wamkulu amene waponya chitsulo pa mulu wolakwika. Pakona pali kadzenje kozungulira, kukula ngati dzungu laling'ono, pamene mwala unakhala zaka zonse zija. Dothi lake ndi lakuda ndi mafuta, lolimba ngati mbale. Udzu sunamerepo. Mame a m'mawa odontha padenga anali atadzazamo, ndipo timba anali kumwa.